Nkhalamba Yomanga Buluku ndi Tayi

Pakampani yonse panalibe womutchula dzina lake. Ankangoti Mkonzi, basi. Dzinali linamukakamira kalekale, adakali kamtsikana kokonza nkhani za anzake pa kadesiki ka kuseri kwa chitseko. Tsopano anali bwana wamkulu, woyang'anira magazini ya mwezi ndi mwezi komanso kabuku ka makatuni kamene ana amalimbirana ndi makolo awo, koma dzinalo silinasunthe, ndipo mwini wake ankalikonda.

Zaka khumi ndi chimodzi, palibe tsamba linapita kosindikiza iye asanaliyang'ane ndi kusaina kumbuyo kwake. Mayiyu ankatha kuona kuti munthu wa m'katuni wavala wotchi kudzanja lamanja patsamba lachitatu pomwe patsamba loyamba inali kumanzere. Ojambula akangomva nsapato zake m'khonde, ankayamba okha kufufuta asanauzidwe cholakwa.

Ndiye tangoganizani, mayi woopedwa chonchi, wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, kukagwa m'chikondi ndi mmodzi wa ojambula ake omwe! Anthu ankamutchula Manzere, poti ankajambula ndi dzanja lamanzere. Anali wamtali, wosalankhulalankhula, thumba la shati lothimbirira ndi inki, ndipo m'thumbamo simunkasowa kabuku. Pabasi, kubanki, kometetsa, iye ankangoba nkhope za anthu n'kumazisunga m'kabukumo. Ngakhale kufunsira sanafunsire ndi pakamwa. Tsiku lina anangotumiza pafoni chithunzi cha nsapato za Mkonzi zitavulidwa pansi pa desiki, imodzi itagona chammbali ngati yatopa. Mkonzi anamuitana kuti amukalipire. Anatuluka muofesimo patapita ola lathunthu, ndipo sekilitale analumbira kuti anamva abwana akuseka.

Panali patapita miyezi isanu chichitikire zimenezo. Loweruka likubwerali linali tsiku lokamuonetsa kwa bambo ake.

* * *

Lolemba m'mawa Manzere anagogoda ngakhale chitseko chinali chotsegula.

"Abwana, ndabweretsa ntchito."

"Lowani, mutseke chitsekocho."

Chitseko chitatsekedwa, Mkonzi anayang'ana pansi. "Wagula nsapato zija?"

"Ndagula. Zikundiluma."

"Zikulume mpaka Loweruka, zizolowere. Bambo anga amayamba kuyang'ana nsapato, kenako zikhadabo, nkhope amamalizira. Zaka makumi atatu ali mkulu wa positi, palibe kalaliki analowapo muofesi mwawo kolala itapindika."

Manzere anakhala pansi, n'kuyala masamba padesiki. "Pano chilichonse timachikonza miyezi itatu chisanatuluke. Kabuku kotuluka Lachinayi ndinakajambula miyezi itatu yapitayo. Koma kwa bambo ako wandipatsa sabata imodzi yokha. Chilungamo chimenecho?"

"Ukadakhala ndi miyezi itatu ukanathawa."

Anaseka onse, koma kuseka kwa Mkonzi sikunakhalitse. Anatembenuza chithunzi chimene chinkakhala pafupi ndi foni. Panali bambo wonenepa, wometa bwino, wovala suti ndi magalasi, akulandira mphatso tsiku lopuma pantchito.

"Ndikuuze zoona," anatero. "Amayi atamwalira ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo awa sanakwatirenso. Ankandiluka okha tsitsi, mokhota choncho, anzanga n'kumandiseka. Pano nditha kukalipira aliyense, koma kwa munthu uyu ndilibe mphamvu. Akakana, sindingawadumphe. Ndidzalira, koma sindingawadumphe."

"Ndamva." Manzere anatenga chithunzicho n'kuchibweretsa pafupi ndi nkhope. "Maso awa ngati ndinawaonapo."

"Iwe aliyense unamuonapo."

"Unawaona liti komaliza?"

Mkonzi anawerengera pazala, ndipo zala zinamuchititsa manyazi. "Chaka ndi miyezi iwiri. Koma timalankhulana Lamlungu lililonse! Kungoti ndi maola atatu pagalimoto, ndipo ukudziwa wekha mmene ntchito yakhalira chiyambire kabuku katsopanoka. Iwonso amandiuza kuti ndisamavutike, ali bwinobwino."

Foni ya padesiki inalira, nkhani inathera pomwepo.

* * *

Amene sanafune kuti nkhani ithe anali azakhali, mlongo wa bambo ake, amene ankakhala nawo kunyumbako. Azakhali salemba, amatumiza mauthenga a mawu, aataliatali, ndipo amayamba kulankhula asanadine n'kumaliza atachotsa kale chala. Lachiwiri masana unafika wa mphindi zinayi.

"...ndiye ndikuti, mwana wa achimwene, ife tamva kuti ukubwera ndi mlendo. Zikomo. Koma munthu wamkulu ndevu pepeya, ntchito kujambula tizidole? Akadzabadwa mwana adzati bambo anga amatani? Pomwe a Makina alipo, munthu wodziwika kwawo, waulemu, wotidziwa ife. Iwe sudziwa zimene munthu ameneyu amatichitira kuno. Sindinena zambiri, anandiletsa achimwene, koma..."

Unadukira pomwepo. Mkonzi anayankha molemba: "Azakhali, tizidoleto ndi timene timandidyetsa inenso. Tionana Loweruka."

A Makina anali mwini wa makina amene ankasindikiza magazini ndi kabuku komwe. Anali mwana wa mnzawo wa bambo ake, mkazi wawo anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo anali atamufunsira Mkonzi kawiri. Kawiri konse anakanidwa mwaulemu, kawiri konse anayankha kuti, "Chabwino, ndimva," n'kupitiriza kusindikiza ntchito yake pa nthawi yake. Munthu woipa sanali. Vuto lake linali lakuti Mkonzi akakhala nawo ankayamba kuganiza za mtengo wa mapepala.

* * *

Lachitatu a Makina anabwera okha. Zimenezi zinali zachilendo, chifukwa masamba oyesera, amene amasindikiza kaye kuti bwana awaone makina asanayambe kuthamanga, ankangowatumiza ndi dalaivala. Anakana tiyi, anakana mpando, mpaka Mkonzi anachita kuwakakamiza.

"Mayi, ndabwera ndi pempho," anatero akutulutsa masamba mu envelopu. "Nkhalamba iyi yoyambira patsamba lachisanu ndi chinayi. Mwaiyang'anitsitsa?"

Mkonzi anamwetulira asanayang'ane n'komwe. Bambo Dandaulo! Ameneyu ndiye anali munthu watsopano wa m'kabukuka, ndipo pakampani yonse anali atatchuka kale asanatuluke. Nkhalamba yowonda ngati ndodo yake yomwe, ndevu zosapesa, chipewa chofika m'makutu, buluku lalikulu lomangidwa m'chiuno ndi tayi wamadontho m'malo mwa lamba. Inali pamzere wa kuchipatala, ikukangana ndi chilichonse: benchi yauma, wotchi ya pakhoma ikunama, mnyamata wa kutsogolo akupuma mokweza. Tsiku limene Manzere anaibweretsa kumsonkhano, anthu anaseka mpaka wina anatsamwa ndi madzi.

"Ndaiyang'ana kangapo. Ndi munthu wabwino kuposa onse amene tinatulutsapo."

"Tayang'ananinso."

Anayang'ana, poti ntchito ndi ntchito. Anatenga galasi lake lokulitsira zinthu n'kuyenda nalo tsamba ndi tsamba. Mabatani a jekete anali atatu paliponse. Ndodo inali kudzanja lamanja paliponse. Madontho a tayi sanasinthe kukula. Mawu onse anali m'malo mwake.

"Palibe cholakwika, bambo."

A Makina anapukuta pamphumi ndi kansalu. "Pali chinthu chimene ndinalonjeza munthu kuti sindidzanena, ndiye sindinena. Koma ndikukupemphani ngati mnzanu wakalekale, chotsani masamba awa. Muikepo zina. Ndiimitsa makina masiku awiri, ntchito za ena zidikire."

Mkonzi anaika galasi lija pansi pang'onopang'ono. Tsopano anamvetsa, kapena tinene kuti anaganiza kuti wamvetsa. Azakhali dzulo, a Makina lero, Loweruka lili pafupi. Ha! Kodi afika pomenepa?

"Mwamva kuti Loweruka ndikupita kwa bambo, eti?"

"Ndamva."

"Ndipo mwamva amene ndikupita naye. Zaka zonsezi simunanenepo kanthu pa zojambula zake, lero lokha ndiye zakuipirani?"

"Si choncho, mayi."

"Nanga n'chiyani? Nenani."

A Makina anapindapinda kansalu kawo kaja. Anaoneka ngati munthu wonyamula poto wotentha amene akusowa pomutula.

"Ndinkakulemekezani chifukwa simunasakanizepo za mumtima ndi za ntchito," anatero Mkonzi, mawu ali pansipansi. Anatembenuza tsamba lomaliza n'kusaina, cholembera chikuchita kulira papepala. "Sindikizani."

"Chabwino, ndamva," anatero a Makina, n'kutola envelopu yawo. Pakhomo anaima pang'ono. "Mukamapita Loweruka, muyende bwino."

* * *

Kabuku kanatuluka Lachinayi, ndipo pofika Lachisanu masana ogulitsa m'misewu anali akuimba foni kufuna kena. Mlonda wa pageti anali atayamba kale kukangana ndi wotchi yake potengera Bambo Dandaulo. Mkonzi ndi Manzere anathawira ku kalesitilanti ka kuseri kwa msewu, kumene anthu a kuntchito sankafikako.

"A Makina amafuna ndichotse nkhalamba yako," anatero Mkonzi akuthira shuga mu tiyi.

Manzere anaima kutafuna. "Anabwera okha?"

"Okha, ndi mafuta onunkhira omwe."

"Anakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Iii, nawenso wayamba? Mphindi khumi. Ukufuna ndikuuzenso mpando umene anakhalira?"

"Ndiujambula ndekha, ndiuthyole mwendo." Anamwetulira, koma kenako anayamba kuzunguza kapu. "Komabe zikundidabwitsa. Munthu ujatu si wansanje zotere. Ananena chifukwa?"

"Akuti analonjeza winawake. Zongopeka."

"Mwina nkhalambayo amaidziwa. Paja ndinakuuza kuti imeneyi sindinaisinthe."

Zinali zoona. Lamulo la pakampani linali lakuti nkhope yotola panjira uisinthe kaye, utalikitse mphuno kapena uchotse ndevu, kuti mwini wake asadzabwere ndi loya. Koma tsiku la msonkhano lija Manzere atanena kuti sanaisinthebe, Mkonzi yemwe, akupukuta misozi ya kuseka, ndi amene anati asakhudze ngakhale tsitsi limodzi.

"Unaipeza kuti kodi?"

"Kuchipatala chachikulu chija, apa pokwerera mabasi. Ndinaperekeza amayi kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Nkhalambayo inali pabenchi ya kutsogolo kwathu, ikukalipira aliyense. Koma ukudziwa, sinali yoipa mtima. Mayi wina wa mwana atafika, inanyamuka n'kumupatsa malo, kwinaku ikumukalipira kuti wachedweranji kubwera ndi mwanayo."

"Chipatala chimenecho pamabwera anthu zikwi patsiku," anatero Mkonzi. "Mwini wake mwina sawerenga n'komwe makatuni. Idya, tikagule mphatso ya azakhali. Amenewo ndiye oti tiwaope."

Madzulo ake analembera bambo ake kuti anyamuka m'mawa. Yankho linabwera la mawu awiri, monga mwa masiku onse: "Muyende bwino."

* * *

Ananyamuka Loweruka dzuwa litangotuluka. Manzere anavula nsapato m'galimoto n'kuzivalanso atatsala pang'ono kufika. Mkonzi anali ataika kabuku katsopano m'chikwama. Anali atakonza kale mawu ake: bambo, musamve za tizidole, onani nokha ntchito ya munthuyu, dziko lonse likuseka.

Nyumba inali yomweyo, ya mpanda wa maluwa ofiira, koma maluwawo anali atakula mosadulidwa mpaka kutsekereza kanjira. Mkonzi anaona zimenezo ndipo zinamudabwitsa, chifukwa bambo ake sankalola tsamba limodzi kutuluka pamzere.

Azakhali anatsegula chitseko. Anakumbatira mwana wa mchimwene wawo, anapatsa Manzere nsonga za zala, n'kuwalowetsa pabalaza. Mipando yomweyo, wailesi yomweyo, chithunzi cha malemu amayi pamwamba pa kabati. Chachilendo chinali mbale ya mabotolo a mankhwala pawindo.

"Achimwene, alendo aja afika!"

Kuchipinda kunamveka kukhosomola, kenako kugogoda kwa ndodo pasimenti. Go. Go. Go. Katani ya pakhomo inasuntha.

Choyamba kuoneka chinali chipewa chofika m'makutu. Kenako ndevu. Kenako jekete la mabatani atatu lolendewera pamapewa ngati lili pa hang'ala, ndi buluku lalikulu lomangidwa m'chiuno ndi tayi wamadontho.

Manzere anali ataimirira kale mwaulemu. Anangoti, "Mayo," chapansipansi, n'kugwira mpando.

Mkonzi anakhalabe pampando. Anayang'ana nkhalambayo, ndipo kuseri kwa ndevuzo, pansi pa chipewacho, maso amene anamuyang'ana anali a bambo ake.

"Mwafika," anatero bambowo. Mawu okha ndiwo sanawonde. Anakhala pampando wawo pang'onopang'ono, anaimika ndodo pakati pa mawondo, n'kuyang'ana nsapato za Manzere, kenako zikhadabo, kenako nkhope. "Khalani pansi, bambo. Ife tinaonanapo kale, ngakhale simunandipatse moni. Munali wotanganidwa ndi kabuku kanu."

"Bambo, ine sindinadziwe..."

"Mukanadziwa bwanji? Sindinalembe pamphumi kuti ndine bambo wa abwana anu."

Analowetsa dzanja pansi pa khushoni n'kutulutsa kabuku ka makatuni, kopindika kale m'makona. Mkonzi anamva chikwama chake chikumulemera pamiyendo.

"Bambo, mwatani?" Mawu anatuluka aang'ono, a kamtsikana koluka tsitsi mokhota. "Mwadwala liti? Bwanji osandiuza?"

"Miyezi khumi tsopano. M'mimbamu." Ananena ngati akunena za nyengo. "Kawiri pamwezi ndimabwera kuchipatala cha kwanuko. Ukakhala pabenchi ija, ukasuzumira pawindo, nyumba ya ofesi yako imaoneka, ya magalasi obiriwira ija. Ulendo woyamba ndinakuimbira. Unati uli pamsonkhano, undiimbira Lamlungu. Wachiwiri anayankha ndi sekilitale wako, mwana waulemu kwambiri. Ndiye ndinati, mwanayu wavutikira ntchito imeneyi, ndisamusokoneze. Ndinaletsa azakhali akowa kukuuza. Ndinaletsanso a Makina."

"A Makina?"

"Nanga ukuganiza ndimapita bwanji, pandege?" analowerera azakhali, amene anali ataima pakhomo la kukhitchini manja ali m'chiuno. "Munthu amasiya makina ake, maola atatu kubwera, maola atatu kupita nawo, kuwadikira, kuwabwezanso. Kawiri pamwezi! Tsiku lina anawasanzira m'galimoto, iye osakwinya ngakhale nkhope."

"Zakwana, achemwali," anatero bambo.

Manzere anatsetsereka pampando n'kugwada. "Bambo, cholakwa ndi changa. Ndinakujambulani osapempha, ndinakusandutsani choseketsa. Mundikhululukire. Ngati n'kotheka tikachotsa timabuku tonse m'misewu."

"Dzukani, muipitsa buluku." Bambo anatsegula kabukuko patsamba lachisanu ndi chinayi, anakatalikitsa ndi nkhope, n'kupukusa mutu. "Ndikuuzeni, nditakaona Lachinayi ndinakwiya. Ana a pakhomo lapafupi anabwera kudzandisuzumira pampanda, akuitana Bambo Dandaulo. Ine, amene ndinkaopedwa ndi positi yonse! Koma nditakhala pansi n'kuwerenga, ndinaseka. Benchi ija ndi youmadi. Wotchi ija imanamadi. Inu bambo muli ndi dzanja, zimenezo sindingakulandeni. Munandiona mphindi zingati?"

"Mwina makumi awiri."

"Mphindi makumi awiri, mwandijambula mpaka chala ichi chimene chinathyoka ndili mnyamata." Anatembenukira kwa mwana wawo, ndipo mawu awo anafewa, chimene chinali choopsa kuposa kukalipa. "Iwe ndi amene ndikufuna undithandize kumvetsa. A Makina anandiuza kuti palibe tsamba limatuluka iwe usanaliyang'ane. Akuti umachita kutenga galasi. Masamba khumi ndi awiri, mwana wanga. Unandiyang'ana masamba khumi ndi awiri."

"Bambo, mwasintha kwambiri..."

"Ndasintha, eya. Nanga tayiyu? Wasinthanso?"

Mkonzi anayang'ana tayi uja. Wabuluu, madontho oyera. Anawagulira yekha bambo ake mwezi umene anayamba ntchito, anachita kuyenda masitolo anayi. Lachitatu lomweli anali atawerenga madontho ake ndi galasi kuti aone ngati akufanana kukula.

Analira. Sanalire mwaulemu ngati bwana, analira chotsegula pakamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo manyazi amene anamva sanawamvepo chibadwire. Manzere anatambasula dzanja kuti amugwire, koma ataona maso a azakhali analibweza.

Bambo anamusiya alire. Kenako anatulutsa kansalu m'thumba la jekete n'kumuponyera pamiyendo. "Pukuta. Sindinafe."

"Ndikhala kuno," anatero Mkonzi akusisima. "Nditenga tchuthi. Kuchipatala ndizikuperekezani ndekha."

"Tiona. Zimenezo n'zosavuta kunena Loweruka."

* * *

Azakhali anabweretsa tiyi. Kapu ya Manzere anaidzaza theka. Dzuwa linali litafika pawindo la mabotolo a mankhwala pamene bambo anaika kapu yawo pansi n'kukonza kukhosi.

"Tsopano, mwabwera ndi nkhani. Ndikuidziwa. Bambo, mukufuna mwana wangayu."

"Eya, bambo. Ndi mtima wanga wonse."

"Sindikubisirani. Pali munthu wina amene anandipempha kale, ndipo munthu ameneyo wandinyamula m'manja mwake ngati mwana. Sindinamulonjeze, poti mwanayu si katundu wanga. Koma mtima wanga mukuudziwa kumene wapendekera." Anapuma pang'ono. "Komabe inunso mwandionetsa kanthu. Munthu woona mnzake chonchi, mwina angathe kusamala mkazi. Ndiye sindinakane, sindinavomere."

Mkonzi anadzutsa mutu. Kamtima kanayamba kubwerera m'malo.

"Ndili ndi funso limodzi lokha," anapitiriza bambo, akutsegula tsamba lomaliza. "Apa pansi mwalemba kuti nkhani ya nkhalambayi ipitirira. Ndamva kuti ntchito yanu imayenda miyezi itatu kutsogolo. Ndiye kuti za mwezi wamawa munajambula kale. Tandiuzani, mwezi wamawa chikundichitikira n'chiyani?"

Manzere anayang'ana Mkonzi. Mkonzi anayang'ana pansi.

Ankadziwa. Miyezi iwiri yapitayo, pamsonkhano, kapu ya tiyi ili m'manja, iye yemwe ndi amene ananena kuti anthu odandaula amatopetsa owerenga msanga. Anati nkhalambayo isakhalitse, imwalire pabenchi pomwepo ikudikira, namwino adzaitane dzina lake itapita kale, owerenga aseke uku akulira. Manzere anakana, anati akuimvera chisoni. Mkonzi anati pano bwana ndi ndani. Masambawo anawasaina sabata yatha, ndipo anali kale kwa a Makina.

"Bambo," anayamba, "nkhani zimenezi zimatha kusintha..."

Panja galimoto inaliza hutala. Azakhali anakankha katani n'kusuzumira, nkhope yawo n'kuwala koyamba chifikire alendo.

"Ndi a Makina! Atenganso envelopu yaikulu ija munawatuma, achimwene."

"Ndinawapempha andibweretsere ndidzionere ndekha," anatero bambo. "Anakana kawiri, dzulo ndinachita kuwakalipira. Madokotala akuti opaleshoni yanga ndi mwezi wamawa womwewo, ndiye ndati ndimve kaye kwa anthu odziwa za kutsogolo. Za ukwati tikamba ndikamva mmene nkhani yanga ikuthera."

Anasuntha ndodo kuti pakhale malo pambali pawo, n'kumenya khushoni kawiri ndi chikhatho.

"Achemwali, kawatsegulireni geti. Iwe mwana wanga, sendera kuno udzandiwerengere. Maso angawa tizilembo ting'onoting'ono sakutionanso."